Batire likatha, udindo ndi wa ndani? Mawu a pa msonkhano wa kalabu yathu

Mwandipempha kuti ndiyankhule za malamulo okhudza zinyalala za zipangizo zamagetsi ndi udindo wa makampani amene amapanga zinthuzi. Mutuwu ukumveka ngati wa anthu a ku Lilongwe ovala mataye, koma ndikamaliza muona kuti ukukhudza dzala la kuseri kwa nyumba ya aliyense wa ife.

Zinyalala za zipangizo zamagetsi ndi chinthu chilichonse chimene chinkayendera magetsi kapena batire, ndiye chatha ntchito. Foni yakufa, tchaja, tochi, wailesi, babu, TV, panelo ya sola, inveta, batire la sola, batire la njinga yamoto, mabatire ang'onoang'ono a mutochi, zonsezo. Ena anganene kuti ife a kumudzi tilibe magetsi a ESCOM, ndiye nkhaniyi siikutikhudza. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mabanja opitirira theka m'Malawi muno amaunikira matochi ndi nyale za mabatire, pamene oyatsa magetsi anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse. Kusowa kwa magetsi n'kumene kumatichititsa kugula mabatire ambiri. Wa m'tauni amangodina switchi pakhoma, ife timagula batire, likatha tigulenso lina, mwezi ndi mwezi. Onjezani asodzi ogona m'zimbowera ndi mawailesi awo, malo otchajira mafoni pa Kachulu, nyumba zoonetsera mpira, ma sola amene adzaza pamadenga. Zonsezi zili ndi tsiku lake lofera.

Padziko lonse vutoli ndi lalikulu. Lipoti la mabungwe a United Nations a ITU ndi UNITAR la 2024 linati m'chaka cha 2022 anthu anataya matani 62 miliyoni a zinyalala zotere, ndipo zimene zinalembedwa kuti zatoleredwa n'kukonzedwanso moyenera zinali 22 peresenti yokha. Kuno ku Africa sizinafike ngakhale 1 peresenti. Lipotilo likuyembekezera kuti pofika 2030 zidzakwana matani 82 miliyoni pachaka.

Nyanja yathu ilibe khomo lotulukira

Chimene chikutisiyanitsa ife ndi anthu a kwina ndi nyanjayi. Nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje wa Shire umene umatulutsa madzi kupita ku Zambezi mpaka kunyanja yamchere. Chilwa alibe. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, yonse imathira muno, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuwa basi. Ndiye dzuwa limanyamula madzi okha, zotsalazo limazisiya. N'chifukwa chake madzi a muno amamveka kamchere. Zitsulo zapoizoni nazonso sizikwera kumwamba ndi nthunzi, zimakhazikika m'matope.

Makolo athu ali panowa anaona nyanja itaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ife tinaona mu 2018 mabwato atakhala pouma. Nyanja ikaphwa, pamatope omwewo timalima, ng'ombe zimadya msipu, ana amasewera. Ikadzaza, monga inachitira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madzi amalowa m'midzi, amakokolola maenje a zinyalala ndi zimbudzi, n'kubwerera nazo m'nyanja. Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba asanafike m'minda yathu ya mpunga, choncho zimene wataya munthu wa m'tauni zimatha kutipeza kuno. Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawazindikiranso ngati malo oyenera kutetezedwa. Ulemu umenewu sungatchinge batire kuti lisalowe m'madzi.

Apa ndichenjeze. Sindikunena kuti matemba, makumba ndi milamba yathu ili ndi poizoni, ndipo wina asakalembe zimenezo pa Facebook n'kutiphera msika ku Limbe. Ndikunena kuti nyanja yopanda kotulukira imasunga chilichonse chimene tayipatsa, ndipo madzi akatayika saoleka. Nthawi yotchinjiriza ndi ino, zinthu zisanafike poipa.

Zimene zili m'kati mwa zipangizozi

Si zonse zoopsa mofanana, ndiye ndiziyala kuyambira choopsa kwambiri.

Choyamba ndi batire lalikulu la sola, la galimoto ndi la njinga yamoto. Kulemera kuja ndi mtovu, ndipo madzi a m'kati ndi asidi woti akhoza kuwotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wabwinobwino. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo ubongo ukawonongeka subwereranso. Mwana amangooneka wofooka, wosowa magazi, wosachedwa kuiwala za m'kalasi, ife n'kumati ndi waulesi kapena walodzedwa. Mayi woyembekezera amapatsira mwana ali m'mimba. Ku Senegal, pamalo otchedwa Thiaroye-sur-Mer pafupi ndi mzinda wa Dakar, dera la asodzi ngati lathuli, anthu ankaswa mabatire akutha kuti apeze mtovu, ndipo mtengo utakwera amayi anayamba kusefa dothi la pamalopo kuti atole zidutswa zogulitsa. Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 ana 18 anamwalira. Makolo awo ankangofuna ndalama ya ndiwo.

Chachiwiri ndi kuwotcha mawaya pofuna mkuwa. Pulasitiki wokutira waya akamapsa amatulutsa utsi wakuda wokhala ndi poizoni wotchedwa dioxin, ndipo woyamba kuupuma ndi mnyamata amene wagwira ndodo yotakasira motoyo.

Chachitatu ndi mababu oyera opotana aja a energy saver ndi machubu aatali. M'kati mwake muli mercury pang'ono, ndipo babu likasweka m'nyumba amatuluka ngati mpweya. Ma TV akale a chimsana chachikulu nawo galasi lake lili ndi mtovu wambiri.

Chachinayi ndi mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'nyale za sola. Batire lotere likafufuma, likabowoledwa kapena likaponyedwa pamoto, limaphulika n'kuyaka. Pansi pa denga la udzu mukudziwa chimene chingachitike.

Pomaliza pali mabatire ang'onoang'ono a mutochi ndi muwailesi. Awa poizoni wake ndi wocheperako poyerekeza ndi batire la sola, koma ndi amene ali ochuluka, ndipo ndi amene ana amaswa, kunyambita, kudetsera bolodi ndi zakuda za m'kati. Palinso chikhulupiriro choti ukaponya mabatire m'chimbudzi sichidzadza msanga ndipo fungo limatha. Kuno madzi a pansi ali pafupi kwambiri, mukakumba pang'ono mwawapeza. Chimene mwaponya m'chimbudzi chili paulendo wopita kuchitsime.

Wopanga asathawe katundu wake

Tsopano funso lenileni: zinthuzi zikatha ntchito, woyenera kulipira kuti zitoleredwe ndi kukonzedwa bwino ndani? Panopa amalipira ndi mudzi, kudzera m'dothi, m'madzi ndi m'thanzi la ana. Kampani inatenga phindu lake tsiku logulitsa, nkhani inathera pomwepo.

Mayiko ambiri anakana zimenezi. Anakhazikitsa mfundo imene pachingerezi amaifupikitsa kuti EPR, kutanthauza kuti udindo wa wopanga katundu upitirire mpaka katunduyo atafa. Dzinali analiyambitsa ndi Thomas Lindhqvist wa ku Sweden mu 1990. Musaone ngati ndi nzeru yachilendo. Botolo lagalasi la Fanta kapena Coca-Cola simulipeza padzala, eti? Chifukwa lili ndi mtengo, wagolosale amalifuna, galimoto ya kampani imabwera kudzalitenga. Kampani inakonza njira yoti botolo libwerere kwawo. EPR ikungonena kuti batire ndi foni nazo zikhale ndi njira yobwerera, ndipo ndalama yoyendetsera njirayo ichoke kwa wopanga.

Mayiko a European Union anayamba kugwiritsa ntchito lamulo lotere mu 2003, n'kulikonzanso mu 2012. Kumeneko ukagula wailesi yatsopano, sitolo imayenera kulandira yakaleyo ulere, ndipo masitolo akuluakulu amalandira tizipangizo ting'onoting'ono ngakhale usagule kanthu. Tulutsani mafoni anu, amene batire lake limachoka tayang'anani. Muona kachithunzi ka bini ya mateyala yodulidwa ndi mtanda. Kachizindikiro kameneko kakutanthauza kuti chinthuchi chisatayidwe pamodzi ndi zinyalala wamba. Kampani imakasindikiza chifukwa ku Ulaya lamulo limaikakamiza kutero ndiponso kulipira zotolera. Foni yomweyo ikafika pa Jali kapena pa Govala, kachithunzi kalipo ndithu, koma bini yake ili kuti? Alipo pano amene anaonapo malo amene kampani ya mafoni kapena ya mabatire imalandirirapo katundu wake wakufa kuno kunyanja? Mwaona, palibe dzanja lakwera.

Tisapite kutali, tione ku South Africa kumene abale athu ambiri ali. Malamulo awo a EPR anayamba kugwira ntchito pa 5 Meyi 2021, pansi pa lamulo lawo la zinyalala la 2008. Kampani yopanga kapena yoitanitsa zipangizo zamagetsi ndi mababu imayenera kulembetsa ku boma, kulowa m'bungwe lotolera zinyalala kapena kukhazikitsa lake, kulipira ndalama pa katundu amene yalowetsa pamsika, kukwaniritsa mlingo wa zotolera chaka chilichonse, ndi kupereka malipoti. Kuyambira Ogasiti 2021 n'koletsedwa kumeneko kutaya zipangizo zamagetsi kumtaya wa zinyalala wamba. Zambia inakhazikitsa malamulo a EPR mu 2018 pansi pa bungwe lawo la zachilengedwe la ZEMA. Ghana inapanga lamulo mu 2016 loti woitanitsa zipangizo zamagetsi azilipira kandalama polowetsa katundu, kopita kuthumba lokonzera zinyalalazi. Rwanda inatsegula fakitale yophwasulira zipangizozi ku Bugesera mu 2017. Onsewa ndi mayiko a mu Africa momwemuno.

Wina afunsa kuti, nanga ife tikagwira bwanji kampani ili ku China? Mafoni a itel ndi Tecno amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, mabatire a Tiger Head amachokera ku Guangzhou, a MEPA sangakafike kumeneko. Yankho lake malamulo a EPR analipeza kale: amene walowetsa katundu m'dziko amatengedwa ngati wopanga. Ameneyo ali ndi dzina, ali ndi sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe, amadutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, ndipo a MRA amamudziwa. Pogwirira pake ndi pamenepo.

Malamulo athu akuti chiyani

M'Malawi muno sitikuyambira pa zero. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko limalamula boma kusamalira chilengedwe, kupatsa anthu malo athanzi okhalamo ndi kugwiriramo ntchito, ndi kuganizira mibadwo yakutsogolo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zachilengedwe, Environment Management Act, lolowa m'malo mwa la 1996. Lamuloli ndi limene linabereka bungwe la MEPA. Muli zinthu zitatu zimene ndikufuna aliyense wa kalabu ino aziloweze. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo akhoza kupita kukhoti pofuna kuteteza ufulu umenewu. Wowononga chilengedwe ndi amene ayenera kulipira zokonza. Ndipo zinyalala zoopsa sizisungidwa, kunyamulidwa kapena kutulutsidwa m'dziko popanda chiphaso. Palinso malamulo a 2008 a kasamalidwe ka zinyalala ndi ukhondo.

Dziko lathu lilinso m'pangano la Basel la 1989, loletsa kutumizirana zinyalala zoopsa mwachisawawa. Panganoli linabwera anthu atakwiya ndi nkhani ngati ya ku Koko ku Nigeria, kumene mu 1988 kunapezeka migolo masauzande ya zinyalala zapoizoni yochokera ku Italy itaunjikidwa pabwalo la munthu wa m'mudzi. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, panganoli likuti zinyalala zonse za zipangizo zamagetsi zisadutse malire dziko lolandira lisanavomereze, ndipo amene anabweretsa ganizo limeneli ndi Ghana ndi Switzerland. Izi n'zofunika kwa ife chifukwa katundu wambiri amalowa ndi dzina loti ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, pamene wina ndi wakufa kale. Kaunjika wa zovala mumatha kumuyeza, koma TV ya kaunjika imene yayaka miyezi iwiri n'kuzima, mwagula chinyalala cha munthu wina ndi ndalama zanu.

Bungwe la MACRA, limene limavomereza mitundu ya mafoni olowa m'dziko, lagwira ntchito ndi nthambi ya zachilengedwe mothandizidwa ndi ITU polemba ndondomeko ya dziko ya zinyalala za zipangizo zamagetsi. Ndi chiyambi chabwino. Koma tisiyanitse ndondomeko ndi lamulo. Ndondomeko imanena kumene boma likufuna kupita. Chimene chimaluma kampani ndi malamulo okhala ndi manambala: ulembetse pofika tsiku lakuti, ulipire zakuti pa batire lililonse, utolere makilogalamu akuti pachaka, ukalephera chindapusa ndi chakuti. Ndipo ife a kumudzi tili ndi chathu chofunika kuti chilembedwemo: malo otolerera asathere ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi mumzinda wa Zomba. Ngati galimoto imatha kubweretsa sola mpaka pa Kachulu, n'kuwolotsa pabwato kukafika ku Chisi, ikhozanso kubwerera ndi batire lakufa.

Phunziro la majumbo

Lamulo likhoza kulembedwa bwino koma osagwira ntchito, ndipo chitsanzo tili nacho. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapepala apulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ndipo nkhani inakoka zaka. Amene anaigwira mwamphamvu ndi anthu wamba ndi mabungwe, mmodzi wa iwo Gloria Majiga-Kamoto, amene anakhudzidwa ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya mapulasitiki. Pa 31 Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletso cha boma chipitirire, ndipo mu 2021 mayiyu analandira mphoto ya Goldman. Ngakhale zinatero, makampani ena anabwereranso kukhoti, ndipo majumbo tinapitiriza kuwaona m'misika. Ngati zinavuta chonchi pa jumbo, pa batire ndi foni sipadzakhala pophweka. Kampani siisiya phindu chifukwa choti yapemphedwa mwaulemu.

Koma anthu wamba amapambana. Ku Mombasa ku Kenya, m'dera la Owino Uhuru, fakitale yosungunula mabatire akutha inadwalitsa anthu ndi mtovu. Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito pafakitalepo ndipo mwana wake anadwala, anasonkhanitsa anthu a m'deralo mpaka fakitale inatsekedwa mu 2014. Mu Julayi 2020 khoti linalamula kuti anthuwo apepesedwe ndi ndalama za Kenya zokwana 1.3 biliyoni, ndipo linapeza kuti nthambi za boma zimene zinalekerera nazonso zinali zolakwa. Nkhani imeneyi ikutiphunzitsanso kuti kukonzanso mabatire kukachitika mosasamala, n'koopsa kuposa kungowasunga.

Mafunso amene mungandifunse

Ndikudziwa pali amene akuti, kampani ikalipira, mtengo wa sola ndi foni ukwera, ovutika tikhala ife tomwe. N'zoona, kandalamako kampani imakaika pamtengo. Koma lero tikulipira kale, kungoti sitilandira lisiti. Amene wagula tochi yotchipa katatu pachaka chifukwa imafa msanga walipira kuposa amene anagula yolimba kamodzi. Kampani ikadziwa kuti katundu wakufa adzabwerera kwa iyo, imayamba kupanga wolimba ndi wokonzeka, wotsegula ndi sikuludiraiva m'malo momata ndi guluu. Cholinga chachikulu cha EPR ndi chimenecho.

Ena akuti, nanga anyamata ogula zitsulo zakutha ndi okonza mafoni pamsika, tikufuna kuwalanda ntchito? Ayi. Wokonza mafoni ndi mawailesi ndi mnzathu woyamba pa nkhondoyi, chifukwa foni imene wayidzutsa sinapite kudzala. Wotolera zitsulo nayenso akugwira ntchito imene kampani ikanayenera kulipira. Malamulo a ku South Africa amanena kuti anthu otolera zinyalala amene analembetsa azilipidwa pa ntchito yawo. Tikufuna zomwezo kuno: mnyamata azilandira ndalama pobweretsa batire lathunthu, losaswa, lili ndi asidi wake. Lero amalikhuthula pansi kuti lipepuke panjinga, ndipo asidiyo amapita m'dothi ndi fumbi la mtovu. Pafupifupi mtovu wonse wa m'batire ukhoza kugwiranso ntchito ukakonzedwa pafakitale yoyenera, choncho batire lakufa ndi chuma, bola lifike kumalo ake lili lotseka.

Zimene tingayambe sabata ino

Kunyumba, batire la sola likatha musaliswe, musakhuthule asidi, musasungunule mtovu m'chiwaya kapena m'chitini. Liikeni choimirira, pamthunzi, pamalo okwera pomwe madzi osefukira safika, kutali ndi ana ndi chakudya. Pogula latsopano, funsani wogulitsa ngati angalandire lakalelo. Mabatire ang'onoang'ono sonkhanitsani m'chigubu chapulasitiki chouma chotseka, osaponya m'chimbudzi, pamoto kapena m'nyanja. Batire la foni likafufuma lichotseni, musalibowole, liikeni panja m'chitini cha mchenga. Babu la energy saver likasweka, tulutsani ana, tsegulani zitseko ndi mawindo, kenako tolani magalasi ndi katoni, osagwira ndi manja. Amene mumagwira mabatire pa ntchito yanu, sambani m'manja ndi sopo musanadye ndipo musanyamule mwana ndi zovala za kuntchito.

Pogula, safunsa anadya phula. Funsani lisiti, funsani waranti, funsani ngati batire la nyaleyo limasinthika likatha. Nyale za sola zoyesedwa pa muyezo wa VeraSol zimakhala ndi waranti ya chaka chimodzi kapena kuposa, ndipo ma sola a panyumba zaka ziwiri. Amene mukutenga sola yolipira pang'onopang'ono, musanasaine funsani wothandizira wa kampaniyo kuti batire likadzafa adzabwera kudzalitenga ndani, ndipo yankho lilembedwe. Mukagulitsidwa katundu wachinyengo, lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo.

Ngati kalabu, ndikupempha zinthu zinayi, ndipo a mlembi azilembe kuti tivote tisanabalalike.

Choyamba, tiwerenge. Tigawane midzi, tiyende khomo ndi khomo ndi chilolezo cha mafumu, tilembe kuti pali mabatire akuluakulu angati akufa, mafoni angati, nyale zingati, za makampani ati. Tijambule zithunzi za katunduyo, osajambula nkhope za anthu. Munthu wopita ku ofesi ndi manambala amamvedwa mosiyana ndi wopita ndi madandaulo okha.

Chachiwiri, tisathamangire kuunjika mabatire pasukulu kapena pabwalo la mpira. Kusunga zinyalala zoopsa kumafuna chiphaso, ndipo mulu wa mabatire wopanda kopita ndi ngozi yoposa imene tili nayo lero. Tiyambe takumana ndi mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Zomba, kudzera ku VDC ndi ADC, atiuze malo oyenera ndi amene ali ndi chiphaso chodzanyamula.

Chachitatu, tilembe makalata. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo nzika iliyonse ikhoza kufunsa. Tifunse a MEPA mayina a makampani amene ali ndi chiphaso chotolera mabatire ndi zipangizo zamagetsi m'chigawo chino. Tifunse a MEPA ndi a MACRA kuti malamulo okakamiza oitanitsa katundu kutolera zakufa ali pati. Makope apite kwa a khansala ndi a phungu athu, kuti nkhaniyi ikamveke ku khonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo. Makampani a sola amene amagulitsa kuno nawonso tiwalembere, aliyense kalata yake, ndipo mayankho awo tidzawaika patsamba lathu, woyankha ndi wosayankha yemwe.

Chachinayi, ndikupempha mafumu athu ndi a BVC, mwaulemu wonse. Muli kale ndi malamulo a padoko oletsa maukonde osayenera ndi kupha nsomba nthawi yotseka nyanja. Tikupempha muonjezere limodzi: msodzi wopita kuzimbowera ndi mabatire abwerere nawo kumtunda, ndipo pasapezeke woswa batire kapena wowotcha mawaya pafupi ndi doko, chitsime kapena pamene amayi amayanika nsomba. Lamulo la amfumu limagwira ntchito mawa lomwe, silidikira gazeti ya boma.

Pa 14 Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku loganizira za zinyalala zimenezi padziko lonse. Ndikupempha kuti pofika tsikulo kawerengedwe kathu kakhale katatha, makalata atapita, ndipo tidzaitane a khonsolo ndi ogulitsa sola kuti adzayankhe pamaso pa anthu. Mutu umodzi susenza denga, ndiye amene muwerenge mawuwa pafoni, a makalabu a ku Chisi, ku Mchenga, kutsidya ku Phalombe ndi ku Machinga, komanso abale athu a ku Joni amene mumatitumizira mafoni ndi ma TV, lembani ndemanga pansipa mutiuze ngati mulowa nafe. Mafomu owerengera akhala ndi a mlembi kuyambira Lolemba.